Munafa pa Foni Pokha

"Diresi long'ambikalo ndinayamba kukolopera kalekale. Mukufuna ndilivuule m'ndowa ndimuveke mwana?"

Petronela anafunsa ali chiweramire pa beseni la ufa wa mandasi, manja ali mbuu. Mwamuna wake, Nikolasi, anali atangofika kuchokera ku Makata kumene ankanyamula matumba m'nyumba yosungiramo katundu, ndipo asanavule n'komwe nsapato anali atayamba kale nkhani ya Loweruka. Ankati mwana wawo Chisangalalo asadzavale zabwino tsiku limenelo. Adzavale chakale, tsitsi asapese, nsapato asiye, akwere nawo kumtunda kwa Chilobwe kumene kunali nyumba yawo matope asanaikokolole.

"Ndi chithunzi chabe, mayi a Chisa. A Januario akuti anthu amene amatithandiza aja akufuna aone mmene mwana wakulira."

"Ngati akufuna kuona mmene wakulira, avale yunifolomu. Ali sitandade folo tsopano. Nanga sanza zimaonetsa kukula?"

Januario anali msuweni wa Nikolasi, wa kwawo ku Nsanje, ndipo chichitikireni namondwe wa Freddy anali ndi kabungwe kothandiza ana. Ndiye anawapezera zipinda ziwiri zimene ankakhalamo kumunsi kuno. Ndiye ankabwera ndi thumba la ufa mwezi ukavuta, nthawi zina sopo ndi makope. Nikolasi anatchula zonsezi chimodzichimodzi ndi mawu otopa, kenako anatulutsa foni. Inali imodzi pa banja lonse, yosweka galasi pakona.

"Akufuna china chonga ichi, koma cha panopa."

Petronela anapukuta chala chimodzi pa chitenje n'kulandira. Chithunzicho anali asanachionepo. Chisa anali atakhala pakhonde la kalasi ku kampu ya anthu othawa matope, atafunda bulangete lotuwa, tsitsi litauma ndi dothi, pamphumi pali bandeji. Maso anali tong'oo, ngati akuona chinthu kumbuyo kwa wojambulayo. Petronela analidziwa tsikulo. Linali tsiku limene iye anali pamzere ku nyumba yachisoni, kufunafuna thupi la Limbikani, mwana wawo wamwamuna wa zaka zinayi.

Anabweza foniyo. Anauza mwamuna wake kuti kumtunda kuja mwana sapita. Anamukumbutsa kuti mvula ikangowaza padenga Chisa amalowa kunsi kwa bedi, ndipo kumutulutsako ndi ntchito.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mayi a Chisa. Tikawakhumudwitsa a Januario, tidya chiyani mwezi wa mawa?"

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ine ufa wa alamuwo wayamba kundiopsa."

Nikolasi anangovula nsapato n'kupita kukasamba. Anali atasiya kukangana mpaka pamapeto. Chimwalirireni Limbikani, mikangano yawo inkangothera m'malere, aliyense n'kutenga theka lake kukagona nalo.

M'mawa mwake foni inatsala pakhomo monga mwa masiku onse, poti kuntchito kwa Nikolasi mafoni ankasowa. Petronela anagulitsa mandasi pamsewu mpaka dzuwa litapendeka. Pobwerera anapeza Eliza Mhango akuyanika zovala. Eliza anali wa ku Rumphi, kalaliki mu ofesi ina ya boma m'tauni, ndipo ankachita lendi nyumba yaikulu ya kutsogolo pa mpanda womwewo. Sanali anzake a pamtima, koma ankabwerekana mbaula ndi zingwe zoyanikira, ndipo Eliza sankafalitsa nkhani. Petronela anamufotokozera za Loweruka, n'kumuonetsa chithunzi chija kuti aone yekha sanza zimene ankafuna.

Eliza anachiyang'ana nthawi yaitali. Anafunsa ngati Petronela ankadziwa kumene chithunzicho chinapita zaka zonsezi. Petronela anati sankadziwa n'komwe kuti chilipo. Pamenepo Eliza anasimba kuti chaka chatha anatsala pang'ono kugula mipando kwa munthu wina wa pa Facebook, mpaka mnzake wa kuntchito anamuonetsa kuti chithunzi cha mipandoyo chinali cha sitolo ya kunja, ndipo akuba ambirimbiri ankachigwiritsa ntchito. Anati chithunzi chimasiya mapazi ngati munthu.

Anakhala pakhonde. Eliza anatsegula Google pa foni ija, n'kuloza kachizindikiro konga kamera m'mphepete mwa pamene munthu amalemba. Anati m'malo molemba mawu, umadina pamenepo, n'kusankha chithunzi, foni n'kukafufuza paliponse pamene chithunzicho chinaikidwa. Anamupatsa Petronela kuti adine yekha. Kachinthu kanazungulira pang'ono, kenako nkhope ya Chisa inatulukira, ina pansi pa inzake, zing'onozing'ono ngati masitampa. Petronela anakankha ndi chala, zinapitirira. Anakankhanso, zinalipobe.

Tsamba loyamba linali la bungwe la Januario. Eliza anayamba kuwerenga chamumtima, milomo ikugwedezeka, kenako anasiya.

"Werengani zonse, anyaMhango. Musandisankhire."

"Akuti dzina lake ndi Chifundo. Akuti makolo ake onse awiri anakwiriridwa ndi matope pamodzi ndi mlongo wake wamng'ono. Akusungidwa ndi mchemwali wa mayi ake, wodwaladwala."

Nkhuku ya eni mpanda inadutsa pakati pawo ikutolatola.

"Ndiye ine ndinafa liti?"

Eliza sanaseke, ngakhale Petronela anatulutsa kampweya konga kuseka. Anatsegula masamba ena. Lina linali la Chipwitikizi, ndipo kumeneko Chisa anali mwana wa ku Mozambique. Lina linali la munthu wa dziko lakutali amene ankapempha thandizo loti mwanayo akachitidwe opaleshoni ya m'mutu. Pena anali pa chikwangwani cha msonkhano wa mapemphero, pambali pa abusa omwetulira. Pena pake anali atamwalira ndi njala, ndipo anthu mazanamazana anali atalemba pansi pake kuti mzimu wake uuse mumtendere. Pa nthawi yomweyo mwini wake, Chisa, anatulukira pachipata kuchokera kusukulu, chikwama chili kumsana, akutafuna nzimbe. Petronela anabisa foni m'chitenje.

Tsiku lotsatira Eliza anafufuzanso pa kompyuta ya kuntchito nthawi ya nkhomaliro. Anati pa kompyuta umangokoka chithunzi n'kuchiponya pa malo ofufuzira, ndipo masamba amaoneka bwino pamodzi ndi masiku amene anaikidwa. Lakale kuposa onse linali la Januario. Ena onsewo anakopera kwa iye. Wakuba anaberedwa, anatero Eliza, ndipo Januario mwina sankadziwa n'komwe kuti ali ndi anzake ambiri chotere. Analangiza Petronela kuti akanene ku polisi kapena ku ofesi yoona za ana, koma anawonjezera kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, iye sangamupitire.

Petronela anadikira kuti Chisa apite kukatunga madzi asanamufunse mwamuna wake. Anaika foni patebulo, tsamba lija lili chitsegukire. Ankayembekezera kuti Nikolasi adabwa, mwinanso kukwiya, ndipo mumtima ankapempha kuti adabwe. Nikolasi anangoyang'ana kamodzi n'kuyang'ana kumbali.

"Munkadziwa."

"Ndinkadziwa za tsamba la a Januario. Zinazo ayi."

"Munavomera kuti tinafa."

"Munafa pa foni pokha, mayi a Chisa. Muli pano, mukupuma, mukundikalipira." Anapukuta nkhope ndi manja onse awiri. "Ku kampu kuja munaona nokha. Akafika anthu ndi magalimoto ankafunsa kuti amasiye ali kuti. Mwana wa makolo amoyo palibe ankamuona. Ife tinali ndi chiyani? Mphika umodzi tinalibe. A Januario anati akalemba kuti bambo ake ali moyo, anthu anena kuti bamboyo agwire ntchito. Ine ntchito ndikugwira, mwaona pamene yatifikitsa."

"Ndipo Limbikani? Iye anafadi. Mwamuphatikiza ndi bodza, ngati nyemba zabwino m'thumba la zofumbwa."

Nikolasi anaimirira ngati wamenyedwa. Usiku wa matope uja iye anali kuntchito, ndipo dzina la mwanayo silinkatuluka pakamwa pake. Anatuluka panja, n'kukakhala pa njerwa kuseri kwa bafa mpaka chakudya chinazizira. Petronela anaganiza za polisi, n'kuona m'maganizo mwamuna wake atakhala pansi m'chitolokosi pambali pa Januario, onse atavula malamba. Nkhani ya polisi inathera pomwepo.

Loweruka anadzuka m'mamawa kukagulitsa ku depoti, atamuuza Chisa kuti asachoke pakhomo. Atabwerako masana anapeza mwanayo atakhala pamphasa, atavala malaya akale a bambo ake, mapazi ali fumbi lofiira mpaka m'mawondo. Fumbi lotero kumunsi kunalibe. Chisa sanathamangire beseni kuti aone ngati mwatsala mandasi, monga ankachitira. Atafunsidwa, anati anakwera ndi adadi ndi ankolo Januario, ndipo anamukhazika pa mwala waukulu umene uli pamene panali khitchini yawo. Ankolo anati asamwetulire. Anati aganize za Limbi kuti nkhope ikhale bwino.

Masiku otsatira mwanayo anayambanso kukodza pogona, chinthu chimene anali atasiya chaka chatha. Petronela ankachapa bulangete m'mawa uliwonse asanayatse moto, n'kuliyanika kuseri kuti ana a pa mpanda asaone. Ndi Nikolasi ankangolankhulana za makala ndi za madzi. Petronela anali ataphunzira kufufuza yekha, ndipo akagulitsa bwino ankagula kabandulo n'kudina kakamera kaja atakhala pansi pa ambulera wake. Sankadziwa chimene ankafuna kupeza. Chithunzi chatsopano cha pa mwala chinatulukira pa tsamba la Januario sabata isanathe, ndipo pasanapite nthawi chinali kale pa masamba ena awiri achilendo.

Kenako Januario anabwera yekha. Anali munthu waulemu, wa malaya ositidwa bwino, wosalowa m'nyumba asanaodire. Anabweretsa mpunga ndi botolo la mafuta ophikira, n'kufunsa za malonda, za sukulu, za odwala a kumudzi. Atamaliza zonsezo ndi pamene ananena chimene anadzera. Amayi a mpingo wina wa Amalawi okhala ku Joni, amene akhala akutumiza thandizo, anali kubwera kudzaona ana. Adzafika ndi zitenje, mabulangete ndi zakudya za mabanja onse a m'derali. Ndipo ankafunitsitsa kuona Chifundo.

"Ndi tsiku limodzi, mlamu. Inu mudzakhala mayi ake aang'ono, a Nikolasi amalume. Mwana adzakuitanani kuti anti. Dzuwa likalowa, aliyense abwerera pa udindo wake."

"Alamu, chithunzi cha mwana wanga chafika ku Mozambique. Kwina anamuika kale m'manda."

Januario anadabwadi. Petronela anamuonetsa, ndipo iye anagwedeza mutu nati anthu a masiku ano alibe chisoni, akuba ntchito ya eni ake. Ananena zimenezi ndi mtima wonse. Kenako anatsitsa mawu. Anati mabanja a m'mbali monsemu amva kale za alendowo. Anatchula Maggie wa nyumba yoyandikana, amene mwamuna wake anapita ku Joni osatumiza ngakhale uthenga. Anatchula agogo osaona a kuseri kwa tchalitchi. Anati mlamu aganize bwino, pakuti nkhanga zinapangana kusanapse, ndipo imodzi ikauluka yokha, moto umapsereza zonse.

Petronela sanavomere, komanso sanakane. Anali atatopa. Mpunga uja anauphika tsiku lomwelo, popeza m'nyumba munalibe china.

Nikolasi ndiye ankamuphunzitsa mwana, madzulo akaweruka, atakhala pakhomo. Dzina lako ndani? Chifundo. Amayi ako ali kuti? Anapita ndi madzi. Awa ndi ndani? Anti. Chisa anali mwana womvera, wakhama pa sukulu, ndipo anaziloweza monga ankalowezera matebulo a masamu. Tsiku lina akutsuka mbale anaitana kuti, "Anti, sopo watha," n'kudzigwira pakamwa. Kenako anafunsa ngati walakwitsa kapena wakhoza. Petronela anangomupatsa sopo.

Tsiku la alendo anthu anasonkhana pa bwalo la mpira wa ana, pafupi ndi mjigo. Panali mabenchi obwereka kutchalitchi ndi tebulo loyalidwa nsalu yoyera. Ana anaikidwa pamzere opanda nsapato, amayi awo ataima kumbuyo. Maggie anali atabwera ndi jumbo yaikulu yopindidwa bwino m'chiuno. Alendo anafika pa minibasi ya hayala, ndipo m'mbuyo mwake munkaoneka mabelo ndi matumba mpaka kudenga. Anali amayi angapo ovala yunifolomu ya chigwirizano, olankhula Chichewa chosakanikirana ndi mawu a ku Joni. Panali nyimbo, pemphero, ndi mawu a Januario, amene analira pang'ono pofotokoza za usiku wa matope.

Mtsogoleri wa alendowo anali Mayi Lilian, munthu wamkulu thupi, wa imvi m'mbali mwa duku. Atangomuona Chisa anagwada pa fumbi osasamala yunifolomu yake, n'kumukumbatira. Anatulutsa foni yake n'kuonetsa anthu kuti chithunzi cha bulangete chija ndi chimene chinali pamwamba pa foniyo. Anati wakhala akumupempherera mwanayu m'mawa uliwonse potchula dzina lake. Iyenso anakula wopanda mayi, kwawo ku Thyolo, ndipo ankadziwa kuti n'chiyani. Petronela anayang'ana nkhope yake kufuna kupezapo chinyengo, koma sanachipeze. Zikanakhala zosavuta akanachipeza.

Januario anamukodola kuti abwere kutsogolo. Mayi Lilian anamugwira manja onse awiri, n'kumuthokoza chifukwa cholera mwana wa m'bale wake pamene iye mwini ali wodwala. Anati iye ndi amuna ake akambirana, ndipo a dayirekita Januario avomera kuti n'zotheka: akufuna kumutenga Chifundo akakhale nawo, akaphunzire sukulu yabwino, kuti mtolo uwapepukire anti ake. Anthu anaomba m'manja. Petronela anayang'ana Januario, Januario anayang'ana nsalu ya patebulo. Nikolasi, amene anaima kumapeto kwa benchi, anatong'ola maso. Zimenezi ngakhale iye anali asanazimve.

"Koma ndiuzeni, mayi," anatero Mayi Lilian, asanamusiye manja. "Ndikufuna ndizidzamuuza akamakula. Malemu mayi akewo anali munthu wotani?"

Petronela anaona Maggie akumuyang'ana, dzanja lili pa jumbo ija.

"Anali wogulitsa mandasi," anatero. Mawu anatuluka okha. "Ankadzuka kusanache. Usiku umenewo anabereka wamng'ono kumbuyo, wamkulu anamugwira dzanja. Khoma litagwa, chitenje chinamasuka." Anaima. "Chitenje chinamasuka, mayi. Ndinamanga bwinobwino, koma chinamasuka. Uyu ndinamugwira, sindinamusiye. Sindimusiyanso lero. Ndine mayi ake."

Panamveka kung'ung'udza kumbuyo. Januario anafika msanga, akumwetulira mwachisoni, n'kufotokozera alendo kuti ndi matenda aja anawauza. Anati chichitikireni ngoziyo mayiyu mutu sukuyenda bwino, nthawi zina amadziona ngati ndi mchemwali wake amene anamwalira. Amayi ena a mpingo anagwedeza mitu momvetsa. Wina anayamba kale kupemphera chapansipansi.

Petronela anatulutsa foni m'chitenje. Anadina kakamera, n'kusankha chithunzi, n'kupereka kwa Mayi Lilian. Anati aone okha kuti mwana mmodzi ali ndi maina angati, mayiko angati, ndi manda angati. Mayi Lilian anakankha ndi chala kwa kanthawi, nkhope ikusintha. Koma Januario anali nalo yankho: amenewo ndi akuba a pa intaneti, iyenso akudandaula nawo, ndipo sizikusintha kuti mwanayu ndi wamasiye.

Mayi Lilian anabweza foni. Anagwadanso pamaso pa mwana, n'kumugwira mapewa.

"Mwanawe, usaope. Awa ndi ndani?"

Chisa anayang'ana Januario. Anayang'ana bambo ake. Anayang'ana mzere wa anzake opanda nsapato ndi minibasi yodzaza katundu. Mayi ake sanawayang'ane.

"Anti," ananena motsitsa.

Petronela sanalire. Anangokhala pansi pa fumbi pomwepo, foni ili pamiyendo. Januario anatambasula manja kwa alendo ngati wonena kuti mwadzionera nokha. Wina anayambitsa nyimbo kuti aphimbe manyazi, ndipo inali itayamba kugwira pamene Nikolasi anachoka kumapeto kwa benchi. Anayenda pang'onopang'ono ngati wasenza thumba. Anafika pamene panali mwana wake, n'kumuika dzanja pamutu.

"Wakhoza, Chisa. Wanena mmene ndinakuphunzitsira." Anatembenukira kwa Mayi Lilian. "Dzina lake ndi Chisangalalo. Awo ndi mayi ake omubereka, mutu wawo uli bwino kuposa wanga. Ine ndine bambo ake. Amene anafa kwathu ndi mmodzi, mwana wathu wamwamuna. Limbikani."

Nyimbo inazima. Chisa anayamba kulira, kulira kwenikweni kwa mwana, n'kuthamangira pamiyendo ya mayi ake.

Panalibe kukalipa. Alendo anapita pambali n'kukambirana okhaokha. Mayi Lilian anafunsa Januario kuti mwa ana a pamzerewo amasiye enieni ndi angati, ndipo iye anayamba kufotokoza kuti umasiye uli mitundumitundu. Sanamulole kumaliza. Anati katundu abwerera naye, akafunsa kaye ku mpingo wa m'tauni kuti awapezere njira ina yogawira. Asanakwere anaima pafupi ndi Petronela ngati akufuna kunena kanthu, koma anangoyang'ana foni yake, pamene nkhope ya Chisa inali ikadali, n'kuiika m'chikwama. Minibasi inatembenuka movutikira pa bwalo lopapatizalo, mabelo akugwedezeka m'mbuyo, ana akuithamangira mpaka pamsewu.

Njira ina ija sinafike m'dera lawo. Mwina katunduyo anapita ku Bangwe kapena ku Machinjiri, palibe anadziwa. Chimene anthu anadziwa n'chakuti zitenje zinafika mpaka pa mjigo n'kubwerera chifukwa cha pakamwa pa mayi a Chisa. Ku mjigo amayi ankasiya kulankhula iye akafika. Ena anasiya kugula mandasi ake, n'kumapita kwa mtsikana wa kutsidya kwa msewu amene mandasi ake anali aang'ono. Agogo osaona aja anatumiza mawu ofunsa ngati choonadi chimafundidwa mwezi wa Juni. Petronela anawatumizira bulangete limene Chisa anali atasiya kulinyowetsa.

Kumudzi nako kunabwera mafoni. Achibale a Nikolasi ankati walola mkazi kuchititsa manyazi magazi ake pamaso pa alendo. Nikolasi ankamvetsera, n'kunena kuti wamva, n'kudula. Ufa wa Januario unasiya kubwera. Nikolasi anayamba kugwiranso maganyu Lamlungu akachoka ku Misa, kukumba ngalande ku Chirimba, ndipo ankafika kunyumba maso ali ofiira. Sanapepese, Petronelanso sanamufunse kuti apepese. Koma tsiku lina akudya anayamba yekha kusimba mmene Limbikani ankabisira makiyi m'nsapato, ndipo anasimba mpaka kumapeto.

Tsamba la Januario linazimiririka. Eliza anathandiza kulemba madandaulo ku masamba ena aja, kupempha kuti achotse chithunzi cha mwana. Limodzi linachotsa. Ena sanayankhe, ndipo la Chipwitikizi linasintha dzina lokha. Eliza anati ndi mmene zimakhalira, chithunzi chikalowa m'menemo chili ngati mchere m'madzi. Petronela anafufuzanso kangapo, kenako anasiya. Bandulo inkadula, ndipo mwana amene ankamufuna anali pakhomo.

Chisa anatenga masiku asanafunse. Anafunsa akupita kusukulu, ataima pachipata, ngati tsopano angamaitane kuti amayi ngakhale panja pali anthu. Petronela anati angathe, ngakhale pamsika, ngakhale pamaso pa ankolo. Mwanayo anaganiza pang'ono, n'kunyamuka. Atafika pakona anatembenuka n'kufuula kuti amayi asaiwale kumusungira mandasi awiri, mokweza kuposa mmene zinkafunikira.

Loweruka lina m'mawa Petronela anali pamalo pake pamsewu, mafuta akuwira m'chiwaya. Anaona Januario akubwera chapansi, malaya ositidwa, foni yatsopano m'manja. Anadutsa tsidya lina la msewu ngati sanamuone, n'kulowera njira yokwera kumtunda. Kumbuyo kwake kunali Maggie ndi mwana wake Thom, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Mwanayo anavala kabudula wong'ambika pamatako, ndipo ankaponda mosamala pa miyala poti sanazolowere kuyenda wopanda nsapato. Nsapatozo zinali m'manja mwa mayi ake, kuti adzavale potsika.

Maggie anafuna kudutsa, koma njira inali yopapatiza ndipo maso awo anakumana. Anaima.

"Musandiyang'ane choncho, mayi a Chisa. Ine ndifa lero lokha."

Petronela anavuula mandasi limodzi, n'kuliuzira kuti lizizire, n'kumupatsa Thom. Mwanayo analandira ndi manja awiri. Kutsogolo Januario anaitana kuti afulumire dzuwa lisanakwere, ndipo Maggie anamuuza mwana kuti adye msanga n'kupukuta pakamwa, mafuta asaoneke.